Chibangiri cha mtengo chimafuna vanishi

Amayi a m'makomboni a m'mafamu a fodya ku Mvurwi ndi ku Karoi amakonda kundifunsa chimene chimatuwitsa msanga zibangiri ndi mikanda ya mtengo. Ine ndimati mdani wake ndi sopo. Munthu akamachapa ndi kutsuka mbale tsiku ndi tsiku, sopo amakokolola phula lopakidwa pamtengowo, madzi n'kulowa mumtengo, ukamauma n'kuyamba ming'alu.

Ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, kumene Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema miyala mu 1966 pamodzi ndi antchito a pafamu, ena ochokera ku Malawi, osemawo amawotcha mwala asanaupake phula. Pamwala phulalo limagwira, koma pamtengo wonyowa kawirikawiri silikhalitsa. Mafuta ophikira ndiye ayi, amadzanunkha.

Ine ndimadalira vanishi wa polyurethane. Tengani mlombwa kapena phingo wouma bwino, mukweche ndi sandipepa mpaka asalale. Pakani mopyapyala katatu, mukudikira kuti aume usiku wonse musanabwereze. Musaiwale m'bowo la mkanda, poti madzi amalowera momwemo. Papite sabata musanavale.

Ngakhale zili choncho amayi, pochapa muzivula chibangiricho. Palibe vanishi wopirira sopo mpaka kalekale.