MUYESO UKHALE UMODZI PA NKHANI YA ZILUMBA

Makolo athu adati mlandu suola. Mau amenewa akupherezera pa mkangano wa maiko a Britain ndi Argentina wolimbirana zilumba za Falkland, zimene anthu a ku Argentina amazitcha Malvinas. Zilumbazi zili m'nyanja ya Atlantic, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 480 kuchokera ku gombe la Argentina, koma pafupifupi 13,000 kuchokera ku Britain.

Dziko la Argentina limati zilumbazi ndi cholowa chake chochokera kwa atsamunda a ku Spain, ndipo kuti Angerezi adachita kulanda mu 1833. Pa 2 Epulo 1982, boma la asilikali la General Galtieri lidatumiza ankhondo kukazitenga. Pofika pa 14 Juni, pamene nkhondoyo idatha, n'kuti atafa asilikali 649 a Argentina, 255 a Britain ndiponso anthu wamba atatu a pazilumbapo.

Boma la Britain limayankha kuti eni mudzi ndiwo ayenera kusankha wowalamula. Mu 2013 anthu a pazilumbapo adaponya voti, ndipo 1,513 adafuna kukhalabe pansi pa Britain; okana adali atatu okha. Argentina sidavomereze zotsatirazo, ponena kuti ovotawo ndi zidzukulu za obwera. Ife tikuti munthu amene makolo ake adagona m'manda a pamalopo kwa mibadwo ingapo sangatchedwenso mlendo.

Komatu mfundo yabwinoyi Angerezi omwewo adaiiwala m'nyanja ya India. Mu 1965 adapatula zilumba za Chagos ku dziko la Mauritius, limene lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1968. Kuyambira chaka chimenecho mpaka 1973 adasamutsa eni ake onse, oposa 1,000, n'kukawatula ku Mauritius ndi ku Seychelles, kuti dziko la America limange malo ankhondo pa chilumba cha Diego Garcia. Voti panalibe.

Mu 2019 bwalo lalikulu la milandu la bungwe la United Nations, ku The Hague, lidati kupatulako kudali kosatsata malamulo. Mu 2025 maiko a Britain ndi Mauritius adasainirana pangano lobweza zilumbazo, koma ambiri mwa osamutsidwa aja adadandaula kuti padalibe wowafunsa maganizo.

Kodi mau a woweta nkhosa wa ku Falkland amalemera kuposa a msodzi wa ku Chagos? Ai ndithu! Mfumu yoweruza mokondera imapasula mudzi. Aphunzitsi athu pofotokoza mbiri imeneyi, ndi akuluakulu a boma poilingalira, akumbukire kuti chilumba si dontho la pa mapu chabe, koma ndi kwao kwa anthu. Mikangano yotere ithe pokambirana mwamtendere, osati ndi mfuti, ndipo eni ake akhale nawo pabwalopo.