Katar

Katar ndi mpeni wankhondo wa ku India womwe chigwiriro chake chili ngati chilembo cha H. Munthu amagwira timitanda tapakati, mpeni n'kuloza kutsogolo kwa chibakera, motero amabaya ngati akumenya nkhonya. Mpeniwu unayambira kum'mwera kwa India ndipo unafala kwambiri m'nthawi ya mafumu a Mughal, omwe anayamba kulamulira mu 1526.

Kakongoletsedwe

Ma katar a anthu olemera ankawakongoletsa ndi golide kapena siliva. Pa njira yotchedwa koftgari, mmisiri amakanda timizere tambirimbiri pachitsulo, kenako amakanikizira waya wopyapyala wa golide m'timizeremo n'kusalaza. Pa njira ya tahnishan amasema mizere yakuya n'kukhomeramo golide, choncho safufutika msanga. Mipeni yapamwamba inkasulidwa ndi chitsulo cha wootz, chomwe chimaoneka ngati chili ndi mafunde.

Mawu achipembedzo

Zolembedwa pa mipeniyi sizinali zokongoletsa chabe. Mwini wake ankakhulupirira kuti zimamuteteza kunkhondo. Asilamu ankalembapo m'Chiarabu mayina a Mulungu ndi mavesi a m'Korani, monga Ayat al-Kursi. Pemphero lotchedwa Nad-i Ali, lopempha thandizo kwa Ali, mkamwini wa Mneneri Muhammad, limapezeka kwambiri pa zida za Asilamu a Shia.

Ahindu ankalemba mayina a milungu yawo m'zilembo za Devanagari, kapena kujambulapo Durga, Hanuman ndi maonekedwe osiyanasiyana a Vishnu. Kwa iwo chida chenichenicho n'chopatulika, ndipo mpaka lero pa chikondwerero cha Dasara pamakhala mwambo wolemekeza zida.

Kudziwa zaka za mpeni

Zolembazi zimathandiza akatswiri kudziwa mbiri ya mpeni, makamaka pakakhala dzina la mwini wake kapena chaka. Pa mipeni ya Asilamu, chakacho chimakhala cha kalendala ya Hijri. Komabe pamafunika kusamala. Golide wa koftgari angathe kuikidwa pa mpeni wakale patapita zaka zambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1800 amisiri ankapanga zida zambiri zogulitsa kwa Azungu. N'chifukwa chake akatswiri amayang'ananso chitsulo, kapangidwe ka chigwiriro ndi mmene golide waperesekera.

Ma katar akale amasungidwa m'nyumba zoonetsera zinthu zakale monga Wallace Collection ku London ndi Metropolitan Museum of Art ku New York.