Kulembedwa ntchito n'chiyambi chabe: amayi ophunzira akufunikanso owagwira dzanja

Mu Ogasiti 2008, atsogoleri a maiko ambiri a m'bungwe la SADC anasainira pangano loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo mumzinda wa Johannesburg. Mwa zina, iwo analonjeza kuti pofika chaka cha 2015, theka la maudindo opanga ziganizo m'boma ndi m'makampani lidzakhala m'manja mwa amayi. Chaka cha 2015 chinafika n'kudutsa, koma palibe dziko lomwe linakwaniritsa lonjezoli m'magawo onse.

Vuto silili pakhomo lolowera lokha. Atsikana omaliza maphunziro a ukachenjede akuchuluka, ndipo ambiri akulembedwa ntchito. Koma munthu akayang'ana m'maudindo akuluakulu, amayi amachepa pa sitepe iliyonse. Kodi amatayikira pati?

Gawo la kafukufuku wa zaulimi likupereka chithunzi chabwino. Ngakhale amayi ndi amene amagwira ntchito yambiri m'minda ya m'chigawo chino, kawuniwuni amene anachitika m'maiko 15 a mu Africa cha m'ma 2008 anapeza kuti mwa akatswiri anayi alionse ofufuza zaulimi, mmodzi yekha ndiye anali mayi. Pa maudindo a utsogoleri, anali mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse. Izi zikutanthauza kuti nkhani ya mbewu yoyenera kufufuzidwa, kapena chipangizo choyenera kupangidwa, imagamulidwa m'zipinda momwe mawu a amayi samveka kwenikweni.

Pofuna kuthana ndi vutoli, m'chaka chomwecho cha 2008 kunakhazikitsidwa pologalamu ya African Women in Agricultural Research and Development, yodziwika ndi dzina lachidule loti AWARD. Likulu lake linaikidwa ku Nairobi m'dziko la Kenya, ndipo thandizo la ndalama linachokera ku bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation ndi la USAID. Maiko a Malawi, Zambia ndi Mozambique anali m'gulu la maiko amene amayi ake ankaloledwa kupikisana nawo.

Mayi akasankhidwa, sankachotsedwa pa ntchito yake. Kwa zaka ziwiri ankalandira maphunziro a utsogoleri, a kalembedwe ka zotsatira za kafukufuku, ndiponso a momwe angapemphere ndalama zoyendetsera ntchito yake. Ena ankatumizidwa kwa miyezi ingapo kukagwira ntchito m'malo ofufuzira apamwamba a kunja. Koma msana wa pologalamuyi unali wina: m'chaka choyamba, mayi aliyense ankapatsidwa katswiri wamkulu woti aziyenda naye, ndipo awiriwa ankakumana kawirikawiri kukambirana za komwe mayiyo akufuna kukafika ndi njira yokafikira kumeneko.

Ganizoli si lachilendo kwa ife. Pa mwambo wathu, namwali sasiyidwa yekha kuti adziwe za ukulu mongoganizira; amakhala ndi namkungwi. Ku ofesi nakonso kuli zinthu zimene sizilembedwa m'buku lililonse: nthawi yabwino yopemphera kukwezedwa, kayankhulidwe pamaso pa bodi, komiti yoyenera kulowamo ndi yongodya nthawi. Abambo ambiri amaphunzira izi kwa anzawo akaweruka, m'malo ocheza amene mayi wapabanja sangafikeko popanda kunenedwa. Namkungwi wa pa ntchito amatseka mpata umenewu. Ku AWARD, ena mwa anamkungwiwa anali abambo, ndipo nawonso ankaona ndi maso awo zopinga zimene anzawo achizimayi amakumana nazo.

M'chaka chachiwiri zinthu zinkatembenuka. Mayi uja ankasankha mtsikana wongoyamba kumene ntchito n'kukhala namkungwi wake. Ankayembekezekanso kukayankhula kwa ana a sukulu, kuti atsikana aone ndi maso kuti katswiri wa sayansi akhoza kukhala munthu wonga mayi awo. Motero thandizo loperekedwa kwa munthu mmodzi linkafikira anthu angapo.

Komabe uphungu wokha sungathetse zonse. Amayi ambiri amatsalira m'mbuyo pa zaka zimene akubereka, zomwenso ndi zaka zimene anzawo aamuna akupita kukachita digiri yachiwiri ndi yachitatu. Apa malamulo a ntchito ndi amene amalamula. Pangano la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO la m'chaka cha 2000 limati tchuthi cha uchembere chisachepere masabata 14. Dziko la Zambia linafika pa mlingo umenewu kudzera m'lamulo lake la ntchito la 2019. Ku Zimbabwe tchuthichi ndi masiku 98, ndipo ku Mozambique lamulo la 2023 linachikweza kufika masiku 90. Ku Malawi, lamulo la ntchito la 2000 linapereka masabata asanu ndi atatu, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mayi amene akubwerera ku ofesi mwana ali ndi miyezi iwiri yokha amakhala pa mphambano yowawa, ndipo ena amasankha kusiya ntchito imene anaivutikira zaka zambiri.

Chopinga china ndi nkhanza zokhudza kugonana. Lamulo la ku Malawi la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo linaletsa mchitidwewu, ndipo linanenanso kuti polemba anthu ntchito m'boma, amayi kapena abambo asachepere 40 pa 100 alionse. Lamuloli ndi labwino, koma limagwira ntchito pokhapokha ngati wodandaula akudziwa kokanena, komanso ngati wolandira dandaulo si yemwe akudandaulidwayo.

Zipatso za kupirira zilipo. Mayi Anastasia Msosa anakhala mkulu wa oweruza milandu ku Malawi mu 2013, ndipo Mayi Irene Mambilima analandira udindo womwewo ku Zambia mu 2015. Aliyense wa iwo anali mayi woyamba pa mpandowo m'dziko lake, atatumikira zaka zambiri m'makhoti. Koma dziko silingamangodalira anthu ochepa olimba mtima kwambiri.

Zofunika kuchita sizodula. Unduna, banki, chipatala kapena sukulu ya ukachenjede ikhoza kulumikiza wantchito wamng'ono ndi wamkulu popanda kudikira thandizo lakunja. Ikhoza kuika misonkhano yofunika mkati mwa nthawi ya ntchito, kulengeza poyera mwayi wa maphunziro m'malo mouzana m'makutu, ndi kuwerengera chaka ndi chaka kuti ndi amayi angati akwezedwa ndipo ndi angati asiya. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mayi amene wafika pamwamba ali ndi mangawa kwa mtsikana amene wayamba ntchito chaka chino, ndipo bwana wa bungwe ali ndi udindo wowapatsa nthawi ndi malo oti awiriwa akumane.