Bwanji ndege zing'onozing'ono amazifunditsa nsalu zikaima panja?

Sabata yatha mnzanga wina anaponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp: kandege kakang'ono kataima panja, mawindo onse atawafunditsa nsalu yotuwa, mapiko atawamangirira pansi ndi zingwe ngati mbuzi. Wina anafunsa ngati kakudwala malungo, wina nkuti mwini wake akuopa akuba. Tinaseka ndithu. Koma zoona zake n'zakuti nsalu ija imateteza ndegeyo ku dzuwa, ndipo dzuwa la kwathu kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, limawononga ndege mwakachetechete.

Ndege zazing'ono ngati Cessna 172 kapena Cessna 206, zonyamula anthu 4 mpaka 6, ndi zomwe zimafika kumalo ngati ku Likoma ndi m'mabwalo ang'onoang'ono a kumalo osungira nyama zakutchire. Malo abwino osungira ndege ndi m'shedi yaikulu ija amati hangar, koma mashediwa ndi odula ndipo m'mabwalo ambiri akumidzi mulibe. Nde ndege imangogona panja, usana ndi usiku. Galimoto ikakuvutani panjira mumaima pambali n'kuitana makaniko. Ndege ikavuta m'mwamba palibe poima. N'chifukwa chake eni ake amasamala ngakhale tinthu tooneka ngati tachabechabe.

Mawindo ndi m'kati

Mawindo a ndege yaing'ono si galasi ngati la galimoto ayi, ndi pulasitiki yolimba yoonekera. Ikawombedwa ndi dzuwa kwa zaka, imachita chikasu n'kuyamba timing'alu ting'onoting'ono tambirimbiri. Masana simungatione bwino, koma woyendetsa akamatera moyang'anizana ndi dzuwa lamadzulo, windo lonse limangoti mbuu, iye osaona bwino kutsogolo.

M'kati namo mumatentha ngati mu uvuni. Aliyense amene anasiyapo foni pa dashibodi ya galimoto masana akudziwa zimene zimachitika: foni imalemba kuti yatentha, n'kuzima. M'ndege muli mawailesi olankhulirana ndi a pabwalo, GPS ndi masikirini a ndalama zambiri, ndipo kutentha kwa tsiku ndi tsiku kumafupikitsa moyo wake. Mipando imasuwa, malamba omangira anthu amafooka ulusi, timphira ta m'mbali mwa zitseko timauma n'kusweka. Mvula yoyamba ikabwera, madzi amalowera pomwepo.

Nsalu ija ntchito yake n'kutchinga dzuwa lisanafike pawindo. Ena amaika zotchingira zonyezimira m'kati, ngati zija timaika m'galimoto. Zimathandiza zipangizo, koma windo lenilenilo limakhalabe padzuwa. Komanso si nsalu iliyonse. Lona wamba, uja timafunditsira matumba a chimanga, akhoza kuwononga kuposa dzuwalo. Fumbi likalowa pansi pake, mphepo n'kumamukupiza, amapala windo ngati sandipepa. Nsalu yoyenera imasokedwa molingana ndi ndegeyo, m'kati mwake imakhala yofewa, imamangidwa mothina, ndipo amaiika windo litatsukidwa kaye ndi madzi ambiri. Kupukuta fumbi ndi kansalu kouma n'kulakwa, ndipo mankhwala otsukira magalasi a m'nyumba okhala ndi ammonia amawononga pulasitikiyo.

Bwanji zambiri n'zoyera?

Si nkhani ya sitayilo. Penti yoyera imabweza kuwala kwambiri, pamene yakuda imamwa kutentha. Pa ndege za aluminiyamu zimenezi zimangothandiza kuti m'kati musatenthe kwambiri. Koma pali ndege zina, ngati za kampani ya Diamond, zopangidwa ndi ulusi wolimba wophatikizidwa ndi guluu wapadera. Guluuyo akatentha mopitirira muyeso amafooka, choncho opanga amalamula kuti mbali yaikulu ya ndegeyo ikhale yoyera. Ndege zakale ngati Piper Cub thupi lake ndi lokutidwa ndi nsalu, ndipo pansi pa penti yake amapakapo mankhwala osakaniza ndi ufa wa aluminiyamu kuti dzuwa lisadye nsaluyo.

Mafuta ndi matayala

Pa Cessna 172 matanki ali m'mapiko, poyera penipeni pomwe dzuwa limamenya, ndipo amanyamula pafupifupi malita 200. Mafuta akatentha amafufuma: pa malita 100 aliwonse amawonjezekera pafupifupi lita imodzi kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Ukadzaza thanki mpaka pakamwa m'mawa kukuzizira, masana mafuta amayamba kudontha pa kapaipi kotulutsira mpweya.

Koma kusiya thanki yopanda kanthu nakonso kuli ndi vuto lake. Masana kutentha, usiku kuzizira, chinyezi cha mumpweya wa m'thanki chimasanduka madontho a madzi. Madzi amalemera kuposa mafuta, nde amakhazikika pansi, ndipo akafika ku injini ikhoza kuzima. N'chifukwa chake woyendetsa asananyamuke amatapa mafuta pang'ono pansi pa phiko m'kabotolo koonekera n'kuwayang'ana. Mafuta a ndege zoterezi, aja amati 100LL, ndi a buluu, choncho madzi akakhalamo amaonekera pansi pa kabotoloko.

Matayala nawo amang'aluka m'mbali chifukwa cha dzuwa ngakhale asanathe, ndipo ndege ikaima malo amodzi nthawi yaitali tayala limaphwatalala pomwe lagunda pansi. Eni osamala amawaphimba ndi kumayeza mpweya pafupipafupi.

Timaliboni tofiira ndi zingwe

Mukayang'anitsitsa chithunzi cha ndege yoima mudzaona timaliboni tofiira tikulendewera. Kamodzi kamakhala pa kapaipi kakang'ono pansi pa phiko, komwe kamayeza liwiro la ndege. Nyengo yotentha mavu omanga zisa zadothi amakonda timabowo totere. Pa 6 February 1996 ndege yaikulu ya Boeing 757 ya kampani ya Birgenair inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata m'dziko la Dominican Republic, ndipo anthu onse 189 anafa. Ofufuza anapeza kuti kapaipi koyezera liwiro kanali katatsekeka, ndipo anakayikira chisa cha mavu, poti ndegeyo inali itaima panja pafupifupi masabata 3. Mbalame nazo zimafuna mthunzi, nde zimamanga zisa m'mabowo olowera mpweya woziziritsa injini. Udzu wouma pa injini yamoto mukudziwa kale mathero ake. Mabowowo amawatseka ndi masiponji okhala ndi liboni lofiira kuti asaiwalike ponyamuka.

Nanga zingwe zija? Ndege yaing'ono ndi yopepuka, ndipo mapiko ake anapangidwa kuti mphepo iwanyamule. Kamvuluvulu wa m'chilimwe kapena chimphepo cha mvula yoyamba chikhoza kuitembenuza chagada ili chiimire.

Chimene nsalu singateteze

Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho injini imachepa mphamvu ndipo mapiko sanyamula bwino. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,230. Kukatentha madigiri 32, ndege imachita ngati ikunyamuka pamtunda wa mamita oposa 2,000, pafupifupi pamwamba pa phiri la Zomba. Imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imakwera pang'onopang'ono. Woyendetsa akati tinyamuke m'mamawa, kapena chikwama china chitsale, si nkhanza ayi.

Nde abale, amene mumakhala pafupi ndi bwalo la ndege, makamaka mabwalo opanda mpanda wolimba, jambulani chithunzi muli patali, koma nsalu, zingwe ndi timaliboni musakhudze, ndipo ana auzeni chimodzimodzi. Chingwe chimene wina angamasule kuti akamangire nkhuni ndi chomwe chagwira ndegeyo. Ndipo tsiku lina mukadzakwera kandege kotere n'kuona woyendetsa akukazungulira, kusuzumira m'timabowo ndi kuyang'ana mafuta m'kabotolo, musamufulumizitse. Msiyeni amalize.