ZA KUKHULULUKIRA MBALE

Taganizirani za Marko. Pa ulendo woyamba iye anasiya Paulo ndi Barnaba ku Pamfuliya, nabwerera ku Yerusalemu. Cifukwa cace Paulo anakana kumtenganso. Ndipo anatsutsana ndi Barnaba ku Antiokeya, nalekana (Macitidwe 15). Koma ali m'ndende, imfa iri pafupi, Paulo yemweyo analembera Timoteo kuti adze naye Marko, pakuti anamuyesa wothandiza pa nchito (2 Timoteo 4).

Kukhululuka ndi kumeneku: si kuleka mlandu pakamwa pokha ai, koma kumbwezera mbale malo ace. Nanga inu, akuru a mpingo ndi aphunzitsi, mudzadya bwanji Mgonero pamodzi ndi munthu amene simumlonjera panjira? Pitani kwa iye lero lomwe, pakuti Kristu ndiye anayamba kukhululukira inu.