Grinder ya mu Lidl kapena ya Makita: ndalama yanu ikugula chiyani?

Ku Tallaght kuno, kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa Dublin, nyumba zambiri zili ndi kabwalo kuseri, ndipo pakona pa kabwaloko pamakhala kashedi. M'kashedi kanga ku Jobstown ndi momwe ndimaswera Loweruka, kupala dzimbiri pa geti, kudula mabawuti okana kumasuka, kunola fosholo. Mvula ya kuno ilibe nyengo, chitsulo chilichonse chapanja chimadyeka, choncho munthu wokhala ndi grinder sasowa omubwereka. Amalawi anzanga akangopeza nyumba yokhala ndi bwalo amabwera ndi funso limodzi: "Achimwene, tigule yotchipa ija ya mu Lidl, kapena tidikire tipeze ndalama ya Makita?"

Ambiri mwa iwo ndimawauza kuti agule yotchipayo, asunge lisiti, ndalama yotsala aiike pa madisiki abwino ndi zodzitetezera. Koma alipo anthu ena omwe sindingawalangize chotero, ndipo kuti mudziwe ngati muli m'gulu lawo muyenera kumvetsa chomwe dzina lotchuka limakugulirani.

Yotchipa sivuta kuipeza. Lidl, yomwe likulu lake la dziko la Ireland lili konkuno pa Main Road, imagulitsa zida za Parkside. Aldi ili ndi Ferrex. Zimabwera pa mashelefu a pakati pa shopu, kutha masiku ochepa, n'kusowa mpaka ulendo wina. Ku B&Q pa Belgard Road kuli Mac Allister ndi Erbauer chaka chonse. Grinder yaing'ono yachingwe ya mu supamaketi nthawi zambiri sipitirira €40, pomwe ya Makita, DeWalt kapena Bosch ya msinkhu womwewo mtengo wake umakhala kawiri kapena katatu. Pa Bosch pali kanthu koyenera kudziwa: zobiriwira ndi zapakhomo, zabuluu ndi za amisiri.

Chimene chimasokoneza anthu ndi nambala yolembedwa pa katoni. Ya Parkside ya disiki ya mamilimita 125 imalembedwa 1,200W. Makita GA4530R ndi Bosch GWS 7-115 zimalembedwa 720W basi. Wogula amaona ngati wapeza mphamvu zambiri pa mtengo wochepa. Nambalayo imanena za magetsi omwe makina akukoka kukhoma. Sinena kuti mphamvu yofika pa disiki ndi yochuluka bwanji, kapena kuti mota ipirira nthawi yaitali bwanji isanatenthe.

Mukamasula grinder mupezamo zinthu zochepa: mota, kafani, magiya awiri okhotetsa mphamvu kuti ifike pa disiki, ma bearing, swichi, ndi timabulashi tiwiri takuda topereka magetsi ku mota. Kafaniko kamakoka mpweya woziziritsa mota, koma mpweyawo umalowa pamodzi ndi fumbi la chitsulo ndi mchenga wochoka pa disiki. Fumbi limenelo limamenya mawaya a kopa mpaka kuwasenda. Apa ndi pomwe makampani otchuka amaika ndalama yawo. Mawayawo amawakuta ndi utomoni wokhuthala, ma bearing amawatsekera bwino kuti fumbi lisalowe, magiya amawasema mosamala kotero kuti makina sanjenjemera kwambiri m'manja. Mukadula mabawuti anayi n'kuika makina pansi, zonsezi simuziona. Mukapala geti lonse maola atatu osapuma, yotchipa imatentha mutu, manja amachita dzanzi, ndipo mumayamba kumva kafungo ka waya wopsa. Opanga zida za mu supamaketi sabisa zimenezi. Werengani kabuku kobwera m'katoni, mupeza atalemba kuti chidacho si cha ntchito ya malonda.

Pa nkhani ya waranti, yotchipa ilibe chochitira manyazi. Parkside ndi Ferrex zimabwera ndi zaka zitatu, bola lisiti likhalepo. Makita, DeWalt ndi Bosch yabuluu zimapereka chaka chimodzi, ndipo zimafikitsa zitatu pokhapokha mutalembetsa chidacho pa intaneti mwezi woyamba usanathe, zomwe anthu ambiri amaiwala. Pamwamba pa izo pali lamulo la Consumer Rights Act la 2022, lomwe limati katundu akapezeka ndi vuto m'masiku 30 oyamba mutha kumubweza kwa wogulitsa n'kulandira ndalama yanu. Lisiti la patilu limafufutika pakapita miyezi, ndiye lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo.

Woyamba amene sindimulangiza kugula yotchipa ndi munthu wodyera momwemo, woika matailosi, wowotcherera, womanga. Iyeyo makina akafa Lachiwiri m'mawa, waranti simubwezera tsiku lomwe waluza. Komanso pa malo omangapo nyumba ku Ireland zida zam'manja zachingwe zimayendera 110V kudzera m'kathiransifoma kachikasu, pofuna kuti munthu akagwidwa ndi magetsi asafe. Mfundo imeneyi ikukhudzanso ife apakhomo. Pa masamba a pa intaneti a DoneDeal ndi Adverts.ie pamapezeka ma grinder a mayina otchuka ogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wokopa. Yang'anitsitsani pulagi pa chithunzi. Ikakhala yachikasu, yozungulira, imeneyo ndi ya 110V, ndipo m'nyumba mwanu sigwira popanda thiransifoma yomwe mwina idzadula kuposa grinder yomweyo.

Wachiwiri ndi amene akugula kuti atumize kumudzi. Magetsi a ku Ireland ndi a ku Malawi ndi ofanana, 230V, pulagi ya mano atatu yomweyo, ndiye chida cha kuno chimangofikira kugwira ntchito. Koma waranti ya Lidl imathera pa bwalo la ndege la Dublin. Mlamu wanga amawotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo ku Ndirande, ndipo grinder yake imalira kuyambira m'mawa mpaka magetsi atathima. Nditamufunsa kuti ndimutengere iti, anandiyankha kuti: "Alamu, musandigulire yoti mabulashi akatha ndizikaisunga pansi pa bedi. Ya Makita kapena Bosch ndikalowa m'tauni ku Limbe zida zake ndizipeza, anyamata okulunga mota amaidziwanso." Mabulashi ndi kanthu kotchipa ndipo amatha mwa chilengedwe chake. Chida chomwe zosinthira zake zimapezeka chimakhala zaka zambiri. Kwa mmisiri wa ku Ndirande, ku Biwi kapena ku Mchesi, dzina lotchuka limagula zimenezo, ndipo m'pofunika kulipira.

Pali chinanso chokhudza kumudzi chomwe ndimachitenga mozama. Ma grinder ambiri ali ndi swichi yokankha n'kukhazikika. Magetsi akathima munthu ali pakati pa ntchito, amaika makina pansi swichi ili yoyatsa. Akabwerera, makina amadzuka okha n'kuyamba kuthamanga pa benchi kapena pansi pomwe pali mapazi a anthu. Ma grinder atsopano ogulitsidwa ku Ulaya, otchipa omwe, amakhala ndi chitetezo choti sayaka okha mpaka mutathimitsa swichi n'kuyatsanso. Akale ambiri alibe. Kuyesa kwake n'kosavuta: chotsani disiki, gwirani makina zolimba, yatsani, wina athimitse pakhoma n'kuyatsanso. Akadzuka okha, musawatumize kudziko komwe magetsi amathimathima.

Za batire ndinene mwachidule. Grinder imamwa batire msanga kuposa drill, ndipo mukagula ya kampani imodzi mwalowa m'banja la mabatire a kampaniyo. M'ndege batire lapadera sililoledwa m'sutikesi yopita pansi, limayenda nanu m'chikwama cham'manja, ndipo malire wamba ndi 100Wh. La 18V 5Ah ndi 90Wh. Ngati soketi muli nayo pafupi, yachingwe ndi yabwino.

Tsopano disiki, yomwe kwa ine ndi nkhani yaikulu kuposa makinawo. Grinder yaing'ono imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi. M'mphepete mwa disiki liwiro lololedwa ndi mamita 80 pa sekondi, omwe ndi makilomita 288 pa ola. Disiki ikasweka pa liwiro limenelo zidutswa zake sizifunsa kuti makina ndi a Makita kapena a Ferrex. Disiki yodalirika imalembedwa EN 12413, ndipo zambiri zabwino zimakhala ndi chizindikiro cha oSa, bungwe la opanga madisiki loona za chitetezo. Imalembedwanso liwiro lomwe singapitirire: 13,300 pa ya mamilimita 115, 12,250 pa ya 125, ndi 6,650 pa yaikulu ya 230. Nambala yomalizayi ikumbukiridwe ndi aliyense amene anaonapo amisiri akuchotsa gadi yotchinga kuti disiki yaikulu ikwane pa grinder yaing'ono. Akuiyendetsa pa liwiro loposa kwambiri lomwe inapangidwira, kutsogolo kwa nkhope yawo, popanda chotchinga. Ndimamvetsa kuti disiki ndi ndalama ndipo ntchito ikudikira, koma mtima umandipweteka ndikaganiza za maso ndi zala zomwe zatayika motero.

Disiki imathanso nthawi ngati mankhwala a kuchipatala. Utomoni womata mchenga wake umafooka, makamaka pachinyezi. Pa kachitsulo kozungulira bowo la pakati pamadindidwa chilembo V ndi chaka, monga V04/2027, kutanthauza kuti isapitirire chigawo chachiwiri mwa zigawo zinayi za chaka cha 2027. Nthawi yake ndi zaka zitatu kuchokera pomwe inapangidwa. Mukagula mulu wa madisiki 50 chifukwa chotchipa, pomwe inu mumatha asanu pachaka, ambiri adzakuthererani nthawi ali m'katoni. Yopyapyala ya milimita imodzi ndi yodulira basi, musapalire chammbali. Yopalira imakhala yokhuthala pafupifupi mamilimita 6. Yatsopano iliyonse iyambe yazungulira yokha kwa kanthawi, inu mutaima pambali, isanakhudze chitsulo.

Pa intaneti amatsatsanso madisiki a mano a tcheni monga a makina odulira mitengo, akuti osemera matabwa. Mu 2021 ofesi ya boma la UK yoona za chitetezo cha katundu, Office for Product Safety and Standards, inachenjeza anthu kuti asiye kuwagwiritsa ntchito chifukwa mano akakola m'thabwa makina amadumpha n'kubwerera kwa mwiniwake. Amenewo musawalowetse pakhomo panu, ngakhale mutapatsidwa ulere.

Ndalama yomwe mwapulumutsa pogula yotchipa imakwanira magalasi oteteza maso, chotchinga nkhope yonse, zotseka m'makutu, ndi masiki ya FFP3 ya pamene mukudula konkire, njerwa kapena matailosi. Fumbi loyera lija lili ndi tizidutswa ta mwala tomwe timakhazikika m'mapapo osatulukanso, ndipo matenda ake amaoneka patapita zaka. Chogwirira cha m'mbali chimabwera m'katoni iliyonse. Chimangeni, ndipo gwirani ndi manja awiri.

Pomwe sindilola n'komwe kutchipa ndi pa grinder yaikulu ya mamilimita 230. Imalemera makilogalamu asanu kapena kuposa, mota yake imakhala ya 2,000W kapena kuposa, ndipo ngati ilibe chipangizo choyambitsa pang'onopang'ono imagwedeza mikono poyaka. Ikakola m'chitsulo munthu wamba sangaigwire. Pakhomo imafunika mwa apo ndi apo, mwina poyala masilabu a pabwalo. Ku Tallaght ndi ku Ballymount kuli mashopu obwereketsa zida pa tsiku. Kabwerekeni kumeneko ya kampani yodziwika, muwapemphe akuonetseni kamangidwe ka gadi ndi disiki musanachoke, ntchito ikatha mukabweze.