Kuletsa Phokoso pa Gitala Yamagetsi

Mukangosiya kukhudza nsambo za gitala yamagetsi, makamaka distortion ili yoyatsa, sipika imayamba kung'ung'udza. Kawirikawiri gwero lake ndi ma pickup a single-coil, omwe amatola kulira kwa magetsi a 50 Hz omwe tili nawo kuno. Noise gate ndi kachipangizo kopondera komwe kamatseka njira mawu akatsika kupitirira mlingo womwe mwaika, n'kutsegulanso mukangomenya nsambo.

Ine ndimakonda noise gate ya Boss NS-2 chifukwa cha mabowo ake a Send ndi Return. Gitala imalowa ku Input, distortion imakhala pakati pa mabowo awiriwo, ndiye kachipangizoka kamamvera gitala yeniyeniyo koma n'kumadula phokoso lomwe distortion yakuza. Noise gate ina, ISP Decimator, ili ndi kopotokola kamodzi basi, ndi yabwino kwa wosafuna zambiri.

Potchera noise gate, gwirani nsambo kuti zisalire, kwezani Threshold pang'onopang'ono mpaka phokoso lithe, ndipo imani pomwepo. Mukapitirira, mawu aatali amadukira panjira asanathe, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa phokosolo. Delay ndi reverb muziike pambuyo pa gate, apo ayi kulira kwake kotsalira kudzadulidwanso. Koma ngati waya wanu ngothyoka m'kati, gulani wina kaye.